Mabokosi awiri a nkhwani

Ndinathamangitsapo munthu m'dziko la Australia popanda kumutukwana, popanda kumunenera kuboma, popanda ngakhale kumumana moni. Ndinangogula ndiwo. Njira yake sindinaiganize ndekha ayi, ndinaiphunzira kuntchito, kwa nkhalamba imene inalibe dzino ndi limodzi lomwe m'kamwa.

Ntchito yanga kuno ku Perth ndi yosamalira okalamba. Ndikamaimba foni kumudzi ndimangoti ndimagwira kuchipatala, iwo n'kumaganiza kuti ndimabaya anthu jakisoni. Zoona zake n'zakuti ndimadzutsa nkhalamba, kuzisambitsa, kuzidzoza mafuta, kuzidyetsa phala ndi supuni, n'kumazitembenuza pabedi kuti zisachite zilonda. Nyumba imene ndinkagwirako nthawi imeneyo inali pafupi ndi Armadale, kumene timakhala ine, bambo a kunyumba ndi ana athu awiri.

M'chipinda chakumapeto kwenikweni munkakhala adona ena amene anali atatsala pang'ono kukwanitsa zaka zana limodzi. Anabadwira ku Mangalande, anabwera kuno nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ndipo anali ataika kale m'manda amuna awo ndi anzawo onse. Thupi linali litatha, koma mutu unkagwira bwinobwino, ndipo pakamwa panali pakuthwa. Madzi osamba akazizira pang'ono ankakutsina pamkono ndi zikhadabo. Tonse akhungu lakuda ankatiitana ndi dzina limodzi, la mtsikana wina wa ku Zimbabwe amene anasiya ntchito kalekale. Ankabisanso buledi m'pilo, moti posintha zofunda tinkapeza zidutswa zitachita chuku. Anzanga ankawathawa. Ine ndinkapirira nawo, chifukwa nanenso si ine munthu wophweka.

Munthu amene ndinamuthamangitsayo anali mtsikana wa kwathu ku Ntcheu, mudzi woyandikana ndi wathu. Mayi ake ndi mayi anga amakhala benchi imodzi kutchalitchi. Anabwera pa viza ya sukulu kudzaphunzira unamwino, atasiya kamwana kake kakakazi ka zaka zinayi m'manja mwa agogo ake. Cholinga chake chinali chimodzi, ndipo ankachinena kwa aliyense amene wamupatsa khutu: amalize sukulu, apeze ntchito, akatenge mwana. Ndinakamulandira ndine pabwalo la ndege. Anagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja yathu miyezi isanu ndi inayi, ndipo pa miyezi yonseyo ine sindinagwire tsache kapena mpeni wa anyezi. Sindinkamutuma, ankangoyamba yekha, ine n'kumusiya. Kutchalitchi ndinkamuonetsa kwa anthu kuti ndi mng'ono wanga, ndipo iye ankanditchula achemwali.

Kenako anasamukira ku Morley, kufupi ndi mabasi a kusukulu kwake, m'nyumba ya atsikana anayi. Viza ya sukulu imakuwerengera maola ogwira ntchito, ndiye mashifiti ake okolopa m'maofesi sankakwanira lendi ndi fizi pamodzi. Chimene chinamupulumutsa chinali nkhwani.

Amene sanakhalepo kunja sangamvetse. Kuno maungu ali mbwee m'sitolo iliyonse, koma masamba ake palibe amagulitsa, amangowasiya m'munda kuti aume. Mtsikana uja, pozungulira pamsika waukulu wa ku Canning Vale Loweruka lina, anapeza mlimi wina wachikulire wochokera ku Vietnam akugulitsa maungu, n'kumufotokozera ndi manja kuti akufuna nsonga zanthete. Mlimiyo anaseka, koma sabata yotsatira anabwera nazo. Kuyambira pamenepo ankamubweretsera mabokosi awiri Loweruka lililonse nyengo yonse yotentha, nkhwani atamumanga m'mitolo ndi kachingwe kabuluu. Iye ankasadzula tsiku lonse, n'kutendera, n'kuika m'timakontena. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi anthu ankachita kulimbirana, ife a ku Malawi ndi anzathu a ku Zambia amene amati chibwabwa. Ndinaonapo nesi wamkulu, wa galimoto yatsopano, akunyambita chivundikiro cha kontena asanalize n'komwe injini.

Chaka choyamba nkhwaniyo anamulipirira sukulu, n'kutsalako ya jekete yofiira imene anagula m'masitolo akuluakulu a ku Morley. Anagula yokulirapo dala, n'kuitumiza ndi munthu wopita kumudzi, kuti mwana adzavale m'ndege tsiku lobwera kuno. Anandionetsa isanapite. Ndinati ndi yokongola, ndipo inalidi yokongola. Sukulu inali itamutsalira chaka chimodzi.

Tsopano tamverani chimene anandilakwira. Nyengo yotentha yachiwiri itangoyamba, tinali ndi chakudya cha pamodzi muholo ya tchalitchi. Ine ndinabweretsa nkhuku yootcha ya m'sitolo ndi saladi wa m'pepala, chifukwa ndinali nditagwira mashifiti asanu ndi limodzi motsatizana ndipo msana sunkalola kuima pa sitovu. Iye anabweretsa nkhwani wake. Bambo a kunyumba anadya, anawonjezera, kenako anaimika supuni m'mwamba n'kulankhula mokweza ngati akupereka zolengeza.

"Chichokereni mwana uyu kunyumba kwathu, ine ndiwo sindinadyenso. Timangodya za mu maikirowevu."

Anthu anaseka. Mayi wina wa ku Zambia anandigwira paphewa n'kuti, "Mwamvela ka, amai? Bakuuzani pa bantu." Mtsikana uja nayenso anaseka, atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Kuseka kokhako basi. Inenso ndinaseka, mano onse pamtunda, pamene mumtima mukuwira.

Ndikudziwa chimene mukuganiza, kuti wolakwa anali mwamuna. Ndinkadziwa ngakhale tsiku lomwelo. Koma mwamuna wanga ukamukalipira amapepesa, amakugulira maluwa pamalo omwetsera mafuta, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo ine sindinkafuna kuti ithe.

Sabata yomweyo kuntchito kunali tsiku lokumbukira asilikali, limene nkhalamba zimavala timaluwa tofiira pachifuwa. Madala awiri anatulutsa mamendulo awo, anzanga anawakankha panjinga zawo kupita kuchipinda chochezera kumene kunali nyimbo. Adona anakana kupita. Ndinkawapesa tsitsi pamene anayamba kulankhula, akuyang'ana pagalasi.

"Aja ankapha munthu mmodzimmodzi, ndiye akufuna nyimbo," anatero. "Ife sitinagwirepo mfuti."

Ndinafunsa kuti ife ndani. Anati ali mtsikana ankatayipa makalata ku London, mu unduna umene ntchito yake inali kumenya nkhondo ndi malonda. Nduna zake zinkasinthana, iwo ankangoziona zikudutsa m'khonde zitavala zipewa, koma ntchito inali yomweyo, kuonetsetsa kuti mdani asapeze chimene akufuna. Ankaimitsa sitima panyanja n'kufufuza katundu. Ankalemba mayina a amalonda ogulitsa kwa mdani kuti aliyense awasale. Zonsezo ndinkangomva ndi khutu limodzi, ndikulimbana ndi tsitsi lopotana kuseri kwa khosi. Kenako ananena chimene chinandiimitsa dzanja.

"Chokoma kwambiri chinali kugula. Tikamva kuti mdani akufuna chinthu m'dziko limene silili pankhondo, kaya ndi miyala ya m'migodi, kaya zikopa za nkhosa zoti asilikali ake afunde, anthu athu ankafika msanga n'kugula zonse. Mtengo uliwonse."

"Ndiye munkazitani?"

"Zina tinkagwiritsa ntchito. Zina zinkangowola m'nyumba zosungiramo katundu. Nkhani sinali yoti ife tikhale nazo, mtsikana iwe. Nkhani inali yoti iye asakhale nazo." Anandilanda chipeso n'kundiloza nacho. "Ndipo sugula m'dzina lako. Umatuma wina."

Ndinatuma mnzanga wa kukhitchini ya kuntchito, mayi wa ku Philippines amene amakhala ku Canning Vale komweko ndipo amalowa mumsikawo Loweruka lililonse chipata chikangotsegulidwa. Ndinamuuza kuti masambawo ndi a mwambo wina wa kwathu umene sitinena kwa anthu, iye anagwedeza mutu mwaulemu osafunsanso. Kwa mlimi anakati mchimwene wake ali ndi lesitilanti, akufuna mabokosi onse awiri sabata iliyonse, ndipo awonjezera mtengo. Mlimi sanavute. Mtsikana uja ankachokera ku Morley pa mabasi awiri, ndiye pofika anapeza pansi pa tebulo palibe kanthu, mlimi akungotambasula manja.

Ine ndinkadikira m'galimoto kuseri kwa sitolo ina ya matayala, mnzangayo n'kusamutsira mabokosi m'buti mwanga. Tsiku loyamba ndinatsegula bokosi limodzi n'kugwira masamba. Anali anthete, a ubweya wofewa, ena ali ndi timaluwa tachikasu ndi timaungu tating'ono ngati chala. Malovu anadzadza m'kamwa. Koma kuphika sindikanatha, chifukwa bambo akanafunsa kumene ndawapeza, ndipo Lamlungu mpingo wonse ukanadziwa. Loweruka m'mawa bambo amaperekeza ana kumpira, ndiye ndinafika kunyumba kulibe munthu. Ndinakhuthulira zonse m'bini yobiriwira ya zinyalala za m'munda, n'kuthira udzu wotchetcha pamwamba. Bini imeneyo palibe ankaigwira kupatula ine.

Kwathu kutaya ndiwo zabwinobwino ndi tchimo limene mayi anga sangalimvetse ngakhale mutawafotokozera tsiku lonse. Ine ndinataya Loweruka lililonse kwa miyezi isanu, ndipo ndinkachita kupempha mashifiti owonjezera, kusambitsa nkhalamba zina, kuti ndipeze chogulira masamba otaya. Dzuwa la kuno likawomba pa bini, pofika Lachiwiri m'katimo mumakhala madzi akuda onunkha ngati chimbudzi cha pamsika. Ntchentche zinadzadza kuseri kwa nyumba. Bambo ankati mwina kwa aneba kwafa mphaka. Sindinama, fungo limenelo linkandikomera.

Sabata yachiwiri mtsikana uja anandiimbira foni.

"Achemwali, nkhwani wanga wasowa. Akuti kwabwera a lesitilanti, akutenga yense."

"Aa, pepa mwana iwe. Anthu a mabizinesi ndi choncho. Wayesako kwina?"

Loweruka lina masana ndinamutenga pa galimoto yanga, mabokosi nditataya kale m'mawa, tinazungulira masitolo a Amwenye ndi a Matchaina tauni yonse tikufunsa masamba a maungu. Ndinamugulira ayisikilimu panjira. Potsitsa zikwama ndinaona tsamba limodzi litatsalira m'buti, ndinalifumbata m'dzanja mpaka anatembenuka. Anandithokoza kuti ndawononga mafuta anga chifukwa cha iye.

Patapita masabata angapo anandidzidzimutsa. Lamlungu lina anafika ndi timakontena tinayi ta nkhwani weniweni, anthu anachita kuwomba m'manja. Zinapezeka kuti mlimi uja anamumvera chisoni, ankamubisira timitolo pansi pa mpando wa lole yake. Lolemba ndikuwadula zikhadabo adona, ndinafunsa ngati munthu wongofuna kudziwa za kale, kuti nanga wogulitsa akamaba katundu pang'ono n'kumapatsira mdani kuseri munkatani.

"Umamunenepetsa kaye," anatero. "Gula zake zambiri mpaka akuzolowere. Kenako umuuze kuti ukadzamugwira kamodzi, sudzagulanso ngakhale chimodzi."

Loweruka lotsatira mnzanga anayamba kugulanso maungu asanu pamwamba pa mabokosi aja, ndipo patatha milungu iwiri anapereka uthengawo. Timitolo ta pansi pa mpando tinatha. Maunguwo ndinkawapereka kutchalitchi kuti agawire ovutika, ndipo abusa ananditchula dzina paguwa.

Mtsikana uja anayesa kutendera sipinachi, anayesa chayinizi. Anthu anagula kamodzi mwachisoni, kenako anayamba kudutsa patebulo lake akuyang'ana mafoni awo. Nesi wonyambita chivundikiro uja ndi amene ananena poyera kuti, "Izi ndiye tikhoza kuphika tokha, sisi. Ukapeza nkhwani utipange kolo." Anayesanso kudzala m'zidebe kuseri kwa nyumba ya ku Morley, koma kumeneko ndi simenti yokhayokha, ndipo dzuwa linawotcha mbewu zisanayale. Ndiye Lamlungu lina anandipatsa kapepala kapulasitiki ka nthanga zimene anapempha kwa mlimi uja.

"Kwanu kuli dothi, achemwali. Mungandidzalireko kumpanda kuja? Ndizibwera kudzathirira."

Ndinalandira ndi manja awiri. Lolemba nditaweruka ndinaika nthangazo pa felempani, moto wochepa, n'kumazitembenuza mpaka zitayamba kununkhira, osalola kuti zide. Zitazizira ndinadzala m'mizere yowongoka bwino, ndinathirako ndi manyowa a m'thumba. Zotsala ndinabwezera m'kapepala kake n'kuponya m'kabati ya m'khitchini, kuseri kwa mabotolo. Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankakwera nafe, n'kuvula nsapato, n'kuthirira mizere ija ndi kheni, atawerama kuyang'ana ngati dothi lang'ambika penapake. Ana anga ankamuthandiza kutunga madzi. Ine ndinkawaonera pawindo ndikumwa tiyi.

"Mchenga wa kuno ndi woipa," ndinkatero akalowa. "Ngakhale ine ndinalephera."

Pofika Pasaka anali atawonda, mafupa a m'khosi akuonekera. Anayamba kugwira ntchito zina zobisa, zotsuka mbale mpaka miyendo kutupa, ndiye m'kalasi ankasinza ndipo mayeso ena analephera. Sukulu inamulembera kalata yoyamba, kenako yachiwiri. Fizi ya teremu yotsatira inalibe kochokera, ndipo kuno sukulu ikakuchotsa, viza imapita nayo. Anandiuza zimenezi atakhala pa sofa yanga, akulira mwakachetechete, ndipo ine ndinamupatsa tishu. Ndikanatha kungosiya kugula, nyengo inali isanathe. Ndinaganizapo ndithu, kangapo konse. Koma nthawi iliyonse ndikaganiza ndinkamuona atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Tsiku limene anandiuza kuti wapeza tikiti yobwerera kumudzi, ndinakafotokozera adona zonse. Ndinalibe wina womuuza, ndipo mtima unkafuna kuti munthu mmodzi adziwe kuti ndine. Ndinkawadyetsa phala, ndinayambira pa nkhuku ya m'sitolo mpaka kufika pa nthanga. Pa nthangapo anaseka mpaka phala linatulukira m'mphuno, ndinachita kuwamenya pamsana. Atapuma anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa dzina langa. Zaka zitatu ndikuwasambitsa, linali tsiku loyamba. Ndinawauza, analibwereza bwinobwino, ndipo ndinamva kukoma ngati mwana wokhoza mayeso.

"Ali ndi ana?" anafunsa.

"Mmodzi. Ali kumudzi. Amayembekeza kubwera kuno."

"Ameneyo usamuwerengere. Ife ana sitinkawalemba, tinkalemba katundu. Kunkabwera makalata opempha kuti tilole sitima ya tirigu ndi mkaka ipite kumayiko amene mdani analanda, akuti kumeneko anthu akugwa ndi njala. Ine ndinkatayipa mayankho. Anali aulemu kwambiri, opanda cholakwika ngakhale chimodzi."

"Nanga tulo munkagona?"

"Bwino kwambiri. Tinapambana, si choncho?" Anatsegula pakamwa kudikira supuni. Nditatembenuka kutenga kapu ndinawaona pagalasi akulowetsa buledi m'pilo. Kenako anawonjezera kuti, "Usasiye kugula mpaka atakwera ndege. Anthu amasintha maganizo."

Ndinamvera, ndipo kumverako ndi kumene kunandigwiritsa. Loweruka lomaliza, ndege yake ili Lachiwiri, mtsikana uja anabwera kudzatsanzika popanda kuimba foni. Anafika pa sitima chakumasana, atakumbatira poto wake wamkulu uja, akuti andisiyire. Bambo ndi ana anali asanabwere kumpira. Ndinaika ketulo pamoto, iye anatuluka kuseri kukaona mizere yake komaliza. Panali patamera udzu wokhawokha. Ndinamuona pawindo akuzula udzuwo, poti sankatha kuona ntchito n'kuidutsa, kenako anaufumbata n'kuyang'anayang'ana potaya. Ndinadziwa kumene akupita iye asanadziwe. Ndikanatha kugogoda pawindo, koma sindinagogode.

Anatsegula bini. M'mawa umenewo ndinali ndi changu, udzu wa pamwamba ndinathira wochepa. Anaima pamenepo nthawi yaitali, chivundikiro chili m'manja, ntchentche zikumuzungulira. Kenako anaika udzu wake pansi, anapinda manja a bulauzi, n'kuyamba kutulutsa mitolo umodziumodzi, akuisansa. Kachingwe kabuluu kanali kasanamasulidwe n'komwe. Anasankha isanu ndi umodzi ya pamwamba, anaitsuka pampopi wa panja, n'kulowa nayo m'khitchini.

Ndinali nditakonzeka kutukwanidwa. Mayankho ndinali nawo kale pamlomo, za miyezi isanu ndi inayi ya kuseri kwa galaja, za amene anakamulandira pabwalo la ndege.

"Achemwali, nsinjiro zilipo?" anatero.

Anakhala pansi pa matailosi, miyendo atatambasula, beseni pakati, n'kuyamba kusadzula. Sanandiyang'ane. M'nyumba munkangomveka firiji ikulira. Atamaliza anatsegula kabati kufuna nsinjiro, poti khitchini imeneyo ankaidziwa kuposa ine. Anasuntha mabotolo, dzanja linatuluka ndi kapepala kake ka nthanga. Anathira ziwiri pachikhatho, anaziyang'ana, n'kuika imodzi m'kamwa. Inalira pa mano monga zimalirira zokazinga.

"Munaiwala mchere, achemwali," anatero, n'kubwezera kapepalako pamalo pake.

Bambo anamva fungo ali pakhomo, nsapato asanavule. "Nkhwani ameneyu? Wapezeka kuti?"

"Achemwali ndi amene apeza," iye anayankha. "Akhala akundisungira."

Bambo anandigwira dzanja pamaso pa ana n'kunena kuti anakwatira mkazi wa mtima wabwino. Anapempha mlendo kuti apemphere, ndipo anapemphera mwachidule, kuti Mulungu asunge nyumba ino monga mmene inamusungira iye. Kenako anandigawira yekha, atagwada, mbale yodzadza mpaka m'mbali. Iye sanadye, anati wakhuta. Anangokhala moyang'anizana nane, manja ali pamiyendo. Ana anga, amene amakana masamba alionse, ananyambita mbale n'kumanena m'Chingerezi chawo cha m'mphuno kuti anti asapite. Ndinafuna kusiya theka.

"Malizani," anatero motsitsa mawu. "Munagula ndinu."

Ndinamaliza. Anali nkhwani wokoma kuposa aliyense amene ndinadyapo, ndipo ndinamuda mtsikanayo kuposa tsiku la muholo lija, chifukwa anandimana ngakhale mkangano. Anatsuka mbale, anapukuta sitovu, anatsanzika aliyense ndi dzanja, n'kukakwera sitima yake.

Lachiwiri bambo ndi amene anakamusiya ku ndege, ine ndinati ndili pa shifiti. Ndinauza mnzanga wa kukhitchini kuti mwambo uja watha. Akuti mlimi anabweretsabe mabokosi ake milungu iwiri, palibe anagula, n'kusiya. Mpaka lero kutchalitchi anthu amadandaula kuti nkhwani anasowa, ine n'kumadandaula nawo. Adona anamwalira nyengo yozizira yomweyo, ali m'tulo, popanda kuvutika, ndipo masiku awo omaliza anali atabwereranso kundiitana ndi dzina la mtsikana wa ku Zimbabwe.

Mtsikana uja sanauze munthu. Ndinadikira miyezi kuti nkhani indipeze kuchokera kumudzi, foni iliyonse ya ku Malawi ndinkaiyankha mtima uli m'mwamba, koma ayi. Mayi anga akuti atangofika anawapititsira nkhuku yowathokoza chifukwa cha mmene ndinamusungira. Masiku ano amagulitsa tomato ndi masamba m'mbali mwa msewu ku Lizulu.

Patatha chaka mayi anandiimbira, ndipo pakati pa nkhani za feteleza ndi maliro anatchulako kamwana kaja. Akuti palibe amene anakauza kuti ulendo unatha, aliyense akuponyera mnzake. Ndege ikangolira m'mwamba kamathamangira m'nyumba, kuvala jekete yake yofiira ngakhale kukutentha, n'kukaima pabwalo kudikira. Mayi ankaseka pofotokoza. Kenako anandifunsa ngati kuno ndingapeze ina yokulirapo, chifukwa ijayi yayamba kukathina m'khwapa.